Mpeni wa ku Sakai, mpeni wa pa komboni

Lole ikathyola sipuling'i pa msewu wochokera ku Harare kupita ku Bindura, dalaivala amagwira m'mutu, koma alipo wina amene tsokalo limamukomera. Chitsulo chothyokacho sichigona pa dzala masiku ambiri. Chimadutsa m'manja mwa anyamata otola zitsulo n'kukathera pansi pa kashedi ka malata, kuseri kwa msika kapena kumapeto kwa komboni, kumene bambo wachikulire amakhala pa chitsa moto uli patsogolo.

Zida zake n'zowerengeka. Chipala chake ndi kadzenje ka makala. Mvukuto wa chikopa cha mbuzi umene makolo ankagwiritsa ntchito unalowedwa m'malo ndi chokupizira cha malata chomangiriridwa ku gudumu la njinga, chimene mdzukulu amapukusa ndi dzanja akaweruka kusukulu. Posulira ndi chidutswa cha njanji. Pambali pali nyundo ziwiri, chopanira, tupa ndi chitini cha oilo wakuda wokhetsedwa mu injini. Ashona amamutcha mupfuri kapena mhizha. Adzukulu a anthu amene anachokera ku Nyasaland amangoti madala osula.

Akadula kachidutswa kotalika ngati chikhatho ndi theka, amakakwirira m'makala mpaka katafiira ngati papaya wakupsa. Kenako nyundo imayamba kulankhula. Amayambira kunsonga n'kumatsika nayo m'mbali imene idzakhale yakuthwa, ndipo mbaliyo ikamapyapyala chitsulo chimapindikira m'mwamba ngati nthochi, moti amayenera kuchitembenuza n'kuchiwongola asanachibwezere pamoto. Amatero kangapo konse. Chikazizira amachipala ndi tupa mpaka chitaoneka mpeni.

Kuoneka kokha, chifukwa mutati mudulire fupa la mbuzi ungopindika. Luso lagona pa mphindi zochepa zotsatira. Amautenthanso, diso lili pa mtundu wa chitsulo, ndipo ukafika pamene akufuna amaumiza mu oilo muja. Malawi amabuka pachitini, utsi wonunkha garaja n'kudzaza shedi yonse. Akauvuula amaukwecha ndi tupa, ndipo zikangoterereka osaluma amadziwa kuti chitsulo chakhwima. Chakhwimadi, koma mopitirira muyeso: mpeni wotero utagwa pa simenti ungathetheke ngati botolo. Choncho amaupukuta kuti uwale n'kuuyandikiza pa makala pang'onopang'ono mpaka utatenga mtundu wa udzu wouma wa mu Julayi. Akangotembenuka kucheza ndi kasitomala n'kuupeza wabiriwira ngati thambo, wafewa, ntchito iyambirenso. Chogwirira chimakhala cha mlombwa, umene kuno amati mukwa, chokhomedwa ndi misomali yodula. Wa m'thumba mopepuka amangomukulungira malegeni.

Makilomita oposa 12,000 kuchokera pa shedi imeneyi, mu mzinda wa Sakai kumwera kwa Osaka ku Japan, muli amisiri amene akuchita zomwezi. Mpeni umodzi wa kwa iwo ukhoza kugulidwa ndalama zimene mnzawo wa ku Bindura sangazione ngakhale atasula mwezi wathunthu, ndipo ophika a m'mahotela a ku London, New York ndi Johannesburg amalembetsa maina n'kumadikira miyezi. Moto ndi womwewo, nyundo ndi yomweyo. Nanga kusiyana kwachokera pati?

Anthu a ku Sakai amati luso lawo linayamba m'zaka za m'ma 400, pamene ankamanga manda aakulu a Daisen, amene amanenedwa kuti ndi a mfumu Nintoku. Ntchitoyo inafuna makasu ndi zokumbira zambirimbiri, ndipo osula anakhazikika pafupi. Koma chimene chinatchukitsa mipeni yawo ndi mbewu imene mlimi aliyense wa ku Mashonaland Central kapena ku Kasungu amaidziwa ndi fungo lomwe: fodya. Apwitikizi, omwe aja anali atakhazikika kale ku Sena ndi ku Tete, anafika ku Japan mu 1543 atanyamula mfuti, ndipo m'mbuyo mwake munabwera fodya. Ajapani ankamusuta atadulidwa mopyapyala ngati tsitsi, zimene zinafuna mpeni wakuthwa modabwitsa. Ya ku Sakai inaposa ina yonse, mpaka boma la a Tokugawa linalola kuti izidindidwa chizindikiro chakuti Sakai Kiwame n'kumagulitsidwa m'dziko lonselo. Mu 1982 boma la Japan linaika mipeni yosula ya ku Sakai m'kaundula wa maluso a makolo oyenera kutetezedwa.

Mpaka lero mpeni wa ku Sakai sutuluka m'manja mwa munthu mmodzi. Wosula amasula basi. Akatha amaupereka kwa wonola, amene amakhala tsiku lonse atawerama pa gudumu lalikulu la mwala lozungulira m'madzi, kenako n'kumalizira pa miyala yosalala ya pamanja. Wachitatu ndi wa chogwirira: amasema mtengo wopepuka wotchedwa ho, kukamwa kwake amavekako mphete ya nyanga ya njati, ndipo mchira wa mpeni amautentha n'kuulowetsa mumtengomo kuti udzipsere wokha malo. Aliyense wa atatuwa akhoza kukalamba osagwirapo ntchito ya mnzake.

Chinsinsi chachikulu ndi kaboni, yemwe uja ali m'makala. Chitsulo cha msomali chili ndi kaboni wochepa kwambiri, ndipo ngakhale mutachitentha n'kuchimiza m'madzi kakhumi sichingakhwime. Sipuling'i ya galimoto imakhala ndi kaboni pafupifupi 0.6 peresenti, wokwanira kuti ikhwime koma osataya kulimba mtima kwake. Chitsulo chimene amisiri a ku Sakai amakonda chimapitirira 1 peresenti. Amachigula ku fakitale ya ku Yasugi m'chigawo cha Shimane, ya kampani imene inkadziwika kuti Hitachi Metals ndipo kuyambira 2023 ikutchedwa Proterial. Maina a zitsulozo anachokera ku mtundu wa pepala limene ankamata posiyanitsa: shirogami ndi pepala loyera, aogami ndi pepala lobiriwira ngati thambo. Aogami amathiramo chromium ndi tungsten pang'ono kuti mpeni usabunthe msanga.

Chitsulo chokhwima chonchi sichichedwa kuthyoka, motero amachiberekesa kumsana kwa china. Wosula amatenga chitsulo chofewa, amawazapo ufa wa borax wosakaniza ndi fumbi la chitsulo, amasanjikapo kachidutswa kokhwima kaja, n'kutentha zonse mpaka madigiri opitirira 1,000. Nyundo ikagwa, ziwirizo zimasanduka chinthu chimodzi. Chofewa chimanyamula thupi, chokhwima chimadula. Mpeni wotere amautcha kasumi, kutanthauza nkhungu, chifukwa mbali yofewayo ikanoledwa imaoneka yotuwa pambali pa mzere wonyezimira wa kukamwa. Ulipo wina wotchedwa honyaki, wa chitsulo chokhwima chokhachokha, umene amisiri ochepa okha amalimba nawo mtima popeza umakonda kung'aluka m'madzi. Ikafika nthawi yomiza, ambiri amatseka mawindo kuti mukhale mdima, pakuti madigiri pafupifupi 800 amene amafunika amawawerenga ndi maso. Madala a ku Bindura nawonso amadziwa kuti dzuwa la masana limanamiza, ndipo ambiri ntchito imeneyi amaisungira madzulo.

Apa pali mfundo imene okonda kutamanda zakunja saiona. Wa ku Sakai amadziwa dzina la chitsulo chake, ndipo chimene wagula chaka chino n'chofanana ndi cha chaka chatha. Wa ku Bindura lero ali ndi sipuling'i, mawa disiki ya pulawo, mkuja tupa kapena chitsulo chobowolera miyala chotayidwa kumgodi. Chilichonse chili ndi khalidwe lakelake, ndipo palibe pepala loyera kapena lobiriwira lomuuza. Amachigogoda n'kumvera kulira kwake, amachigunditsa pa girayinda n'kuyang'ana mmene zikuthethekera. Pa mayeso awiriwa, ovuta si a ku Sakai ayi.

Ntchito ya mipeniyo ndi yosiyananso. Khitchini ya ku Japan ili ndi mpeni wa chilichonse. Yanagiba, wautali ndi wowonda, ndi wodulira nsomba yaiwisi, ndipo amaukoka kamodzi kokha kuti mnofu usaphwanyike. Deba, wonenepa msana, ndi wodulira mitu ya nsomba. Usuba ndi wa masamba. Yonseyi imanoledwa mbali imodzi ngati tchizulo cha kalipentala, mbali inayo imakhala yolowa m'kati pang'ono kuti chodulidwa chisamatirire. Mipeni yofanana ndi ya ku Ulaya, monga gyuto, inabwera mochedwa, Ajapani atayamba kudya ng'ombe poyera kutsatira mfumu Meiji mu 1872. Pa komboni mpeni ndi umodzi. M'mawa wasenda mbatata, masana wadula repu, madzulo wazinga nkhuku, ndipo bambo akaubwereka ukatsegula chitini cha penti kapena kudula waya. Yanagiba itapatsidwa moyo wotere ingatuluke ili ndi magweru tsiku loyamba lomwe. Sipuling'i ya lole, imene inapangidwa kuti izipirira mabampu, ndiyo yoyenera pano, ndipo ikabuntha mayi amangoikwecha pa sitepe ya simenti.

Pa za dzimbiri ndiye imafanana. Mpeni wa kaboni, wa ku Sakai kapena wa ku Bindura, ukaudulira tomato n'kuusiya wosapukuta, m'mawa umaupeza wafiira.

Kale osula a kuno sankadikira kuti lole ithyoke. Ankadzipangira okha chitsulo kuchokera ku miyala. David Livingstone atakwera mapiri a kum'mawa kwa Shire mu 1859 anapeza midzi ya Amang'anja ili ndi ng'anjo, ootcha makala ndi osula, akupanga makasu, nkhwangwa, mikondo, mivi ndi zibangili. Makasu a Amaravi ankatsika mpaka ku Tete ndi ku Sena monga katundu wa malonda, ndipo ena amafika ponena kuti dzina lakuti Malawi linachokera ku malawi a ng'anjo zimenezi zikamayaka usiku. Zotsalira zake zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu ndi ku mapiri a Aphoka kumpoto. Kutsidya lino la Zambezi, Anjanja ankakumba miyala ya chitsulo pa phiri la Hwedza, ndipo makasu awo ankayenda mitunda italiitali mpaka kukhala chuma cholowolera. Ng'anjo inali ndi mwambo wake: amuna ogwira ntchitoyo ankadika, ndipo amayi sankayandikira.

Wowerenga mbiri ya tatara, ng'anjo ya ku Japan, amangoseka poona kufanana kwake. Nayonso ndi ya dothi, imadya makala, ndipo amayi ankailambalala poopa Kanayago, mulungu wamkazi wa osula amene amati ndi wansanje. Nayonso inazima m'zaka za m'ma 1920 chitsulo cha m'mafakitale chitatchipa, monga mmene makasu ochokera ku Ulaya ndi zitsulo zotayidwa zinazimitsira ng'anjo za kuno. Kusiyana n'kwakuti mu 1977 bungwe losunga malupanga a ku Japan linayatsanso tatara imodzi ku Okuizumo, akuluakulu odziwa ntchitoyo asanathe kumwalira. Imayaka nyengo yachisanu, masiku atatu usana ndi usiku, imameza mchenga wa chitsulo matani pafupifupi 10 ndi makala matani pafupifupi 12, ndipo pomaliza amaigumula n'kutulutsa chibuma cholemera matani oposa awiri. Chitsulo chabwino cha m'chibumamo, tamahagane, chimapita makamaka kwa osula malupanga.

Mwana wa Amaravi anafika bwanji ku Bindura ndi nyundo yake? Tauniyi, imene ili makilomita pafupifupi 88 kumpoto chakum'mawa kwa Harare, inabadwa ndi golide. Mgodi wa Kimberley Reef unatsegulidwa mu 1901, ndipo malowo ankadziwika ndi dzina lomwelo mpaka 1913, chaka chimene njanji inafika ndipo dzina lakuti Bindura linakhazikika. Migodi ya kuno, ya ku Shamva ndi ya ku Mazowe inkafuna manja ambiri kuposa amene Ashona anali okonzeka kupereka, popeza iwo anali ndi minda yawo pafupi. Anthu anabwera kuchokera ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete, ena pansi kudutsa Zambezi, ena pambuyo pake pa malole a Ulere kapena kudzera ku bungwe lolemba antchito la Mthandizi. Wolemba mbiri Charles van Onselen anafotokoza za moyo wowawa wa m'makomboni amenewa m'buku lake la 1976 lotchedwa Chibaro, liwu limene Mchewa aliyense amalimva popanda womasulira. Ambiri sanabwerere. Kumudzi anawatcha matchona, kuno anawatcha mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre.

Mgodi wa nthawi imeneyo sukanayenda popanda wosula. Zitsulo zobowolera miyala zinkabuntha pa shifiti imodzi, ndipo zisanabwere nsonga za tungsten zinkakwera kumtunda tsiku ndi tsiku kuti zikatenthedwe, zisulidwe ndi kumizidwanso. Mapiki ndi matchizulo chimodzimodzi. Munthu amene wathera zaka pa chipala cha kampani ankatuluka akudziwa mtundu wa moto woyenera chitsulo chilichonse, ndipo Lamlungu ankasula zake: mpeni wa mkazi wake, kasemasema wa mnansi, nkhwangwa ya munthu wa ku famu ya fodya. Luso limene linatsala pang'ono kuzima ndi ng'anjo linapeza pobisala m'mashopu a migodi ndi m'makomboni, pamodzi ndi gule wamkulu, amene kuno amati zvigure, ndi Chichewa, chinenero chimene malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anachiika pa mndandanda wa zinenero 16 zovomerezeka. Nyundo yomweyo ndi imene imasula mano a mbira kapena sansi, luso limene UNESCO inalilemba mu 2020 m'dzina la maiko awiri, Malawi ndi Zimbabwe.

Bindura ya masiku ano ili ndi nthabwala yake yowawa. Kampani ya Bindura Nickel Corporation, imene Anglo American inakhazikitsa mu 1966, inakumba nickel ku mgodi wa Trojan kwa zaka zambiri, ndipo nickel wambiri wa padziko amathera m'chitsulo chosachita dzimbiri. Mwala unkachoka ku Trojan, n'kudzabwerera ngati sipuni, foloko ndi mapoto onyezimira a m'sitolo, atatsagana ndi timipeni totchipa ta kunja timene timalanda msika wa madala aja. Mgodiwo unaima mu 2008, unadzukanso patapita zaka zinayi, ndipo mu 2024 boma linauika m'manja mwa woyang'anira wapadera mitengo ya nickel itagwa. Golide wa ku Freda Rebecca, amene anayamba kutuluka mu 1988, ndiye wagwira tauniyi. Mgodi ukatseka zipata, amuna odziwa zitsulo amachuluka m'misika, ndipo makasitomala awo okhulupirika ndi makorokoza, okumba golide pawokha, amene amafuna matchizulo ndi mapiki onola sabata ndi sabata.

Malonda omwewa ali ndi mthunzi wake. Kumapeto kwa 2019 ndi kumayambiriro kwa 2020 magulu a zikwanje otchedwa mashurugwi anazunguza madera a golide, kuphatikizapo Mazowe ndi Bindura, ndipo kuyambira pamenepo apolisi akhala akutulutsa kawirikawiri zidziwitso zoletsa kuyenda ndi zikwanje, nkhwangwa ndi mipeni pagulu. Wosula woona mtima amakayikiridwa limodzi ndi chigawenga, ndipo kunyamula katundu wake kupita naye kumsika kumafuna kufotokoza kwambiri panjira. Ajapani anadutsamo m'zoterezi. Lamulo la 1876 linaletsa asilikali a makolo, a samurai, kuyenda ndi malupanga, ndipo mu 1945 kusula malupanga kunaletsedweratu mpaka 1953. Osula a ku Seki, mzinda umene unatchuka ndi malupanga kwa zaka mazanamazana, analowa m'khitchini. Lero Seki amadziwika ndi mipeni yophikira, malezala ndi masizasi, ndipo mwezi wa Okutobala amachita chikondwerero cha mipeni chimene chimadzaza tauni.

Si kuti ku Japan zonse zili myaa. Amisiri ambiri ndi okalamba, ndipo achinyamata ofuna kuthera zaka akupukusa ndi kusesa asanaloledwe kugwira nyundo ndi ochepa. Ku Echizen, kumene amati luso linabwera mu 1337 ndi wosula malupanga Chiyozuru Kuniyasu wochokera ku Kyoto amene ankasuliranso alimi zikwakwa, osula anaona ntchito yawo ikufa chifukwa cha makina ndi mipeni yosachita dzimbiri. Anasonkhana n'kumanga shedi imodzi yaikulu, Takefu Knife Village, imene inatsegulidwa mu 1993. Amagawana makina, amaphunzitsa ana a eni ake ngati awo, ndipo alendo amaima pakhonde lam'mwamba n'kumaonerera ntchito ikuyenda. Zakudya za ku Japan zitatchuka padziko lonse, makamaka UNESCO itazilemba mu 2013, ogula a kunja anawapeza ali okonzeka, aliyense dzina lake litasemedwa pa mpeni ndi tchizulo.

Dzina limenelo ndilo likusowa pa mpeni wa pa komboni. Ukachoka pa shedi sudziwikanso mwini wake. Wogula akaukonda alibe njira youzira mnzake wa ku Harare kapena ku Lilongwe kuti afunefune wa yani, ndipo wosula waluso amagulitsa pa mtengo wofanana ndi wa wongoyamba kumene. Mpeni wopinda wa Okapi, umene unayamba kupangidwa ku Solingen ku Germany mu 1902 n'kusamukira ku South Africa mu 1988, suposa wosula bwino pa kudula, koma aliyense kuyambira ku Bulawayo mpaka ku Mzuzu amaudziwa ndi dzina. Chitsulo chodziwika bwino nachonso n'chosowa: fakitale ya Zisco ku Redcliff inazima mu 2008, ndipo yatsopano ya ku Manhize, ya kampani ya ku China, imene inayamba kusungunula mu 2024, ikuyang'ana za zomangira, osati za mipeni. Pakadali pano madala a ku Bindura akudalirabe mabampu a mumsewu wa ku Shamva ndi wa ku Mount Darwin, ndipo malole onyamula miyala ndi fodya sakuwagwiritsa mwala.